Mpando wa ku Mchesi

Zaka makumi awiri ndi zitatu zokha,
koma m'mawa ndimadzuka ngati thabwa laliwisi
lomwe lauma litapindika.
Khosi likakana kuyang'ana kumanzere
ndimatembenuka thupi lonse,
ngati lole yokhota pa depoti.

Kachipinda kanga ka magemu kali ku Biwi,
kuseri kwa okazinga tchipisi:
ma TV atatu, malata otentha,
makireti a zakumwa m'malo mwa mipando.
Anyamata amalipira, kusewera, n'kupita.
Ine mwini wake ndimatsala
kukhala mdani wa aliyense wosowa mnzake,
chibwano patsogolo ngati mbuzi yosuzumira mumpanda,
mapewa atakwera kukabisa makutu,
zigongono zitabaya ntchafu.
Ndagoletsa zigoli zikwizikwi
osaponda udzu ngakhale kamodzi,
koma ndavulala ngati ndinaseweradi.

Lachitatu lina kunabwera a Kamtedza,
kalipentala wa ku Mchesi, utuchi uli m'nsidze,
kudzasaka Lonjezo wawo wothawa masamu.
Mwana anali atadumpha kale pa windo.
Anapeza ine.
Anandizungulira ngati tebulo logwedera,
kenako anati, "Iwe, anakukhoma chonchi ndani?"

Anasolola tepi m'thumba,
kuyeza kuchoka ku chidendene kufika kuseri kwa bondo,
kuchoka m'chiuno kufika pa phewa,
manambala n'kulemba pa khoma langa
ndi pensulo ya kukhutu.

"Mapazi onse agwire dothi.
Matako akafike kumbuyo, msana upeze potsamira;
pamene pali kachigwa apa, pinda chitenje uyikepo.
TV iyi wayiyika pansi ngati mbale ya galu,
ikweze ndi njerwa ziwiri, uziyiwona maso ndi maso.
Ndipo kanthu kali m'manjako
usamakafinye ngati khosi la wangongole.
Dzanzi la chala chachikulu
limayamba mwaulemu, koma silitsanzika."

Tinanenerera mtengo mpaka tchipisi inapserera.
Theka ndinapereka ndalama.
Theka linalo linali lonjezo:
Lonjezo asaponde muno
belu la kusukulu lisanalire lomaliza.

Mpando unabwera pa kabaza, miyendo ili m'mwamba,
ukununkha payini ndi vanishi.
Sabata yoyamba ndinakhalapo ngati mkwati,
wowongoka, wamanyazi, mapewa atatsika.

Koma mpando sukhalira munthu.
Mpira ukafika mphindi zomaliza, tili wani-wani,
ndimadzipeza ndili kunsonga kwake,
mphuno ikufuna kulowa mu sikirini,
chotsamira cha a Kamtedza chili chokha kumbuyo
ngati mlendo woyiwalidwa pabalaza.
Ndimabwerera. Ndimatsetserekanso. Ndimabwerera.

Kale magetsi akathima ndinkatukwana.
Lero ndimangoti dokotala wabwera.
Ndimayimirira, mawondo n'kulira ngati chitseko,
manja m'mwamba mpaka kukhudza malata,
kutambasula zala, kuzungulitsa mapewa chakumbuyo,
n'kutuluka kukayang'ana nsanja ya mafoni yakutali
kuti maso akumbukire
kuti dziko lili ndi kutali.
Tsopano sindidikiranso a magetsi;
gemu ikatha ndimadzithimitsira ndekha,
mphindi zingapo, kapu ya madzi,
moni kwa mayi wogulitsa nthochi
amene ankayesa ndinasamuka.

Khosi silinachire lonse.
Limadandaulabe nthawi ya chisanu mu Juni,
koma tikumvana.

Loweruka Lonjezo wabwera, tsiku lake lololedwa.
Wakhala pa kireti, wapinda msana ngati chikwakwa,
chibwano patsogolo:
ine ndemwe, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi.
Ndamukokera mpando wa bambo ake.
Ndayika chikhatho pakati pa mapewa ake, pang'ono chabe.
"Aaa, achimwene, mukundisokoneza!"
Amuchinya chigoli pompo.
Wandiyang'ana ndi diso lofiira.

Dzanja langa sindinalichotse.